Chigayo Chogaya Mphepo

"Mwezi wamawa dzina langa likhala m'mafoni a padziko lonse, ngakhale iyo muli nayo m'thumbayo."

Woyankhulayo anali a Lameki, amene amasamalira makompyuta ku bungwe lina pano pa Boma la Neno. Ankauza a Idrisa, eni golosale, uku akudikira kuti tiyi azizire. Ine ndinali pa benchi la pakhonde ndi sikono yanga, monga ndimachitira masiku onse chichokereni mayi a kunyumba kukakhala ndi ana ku Blantyre. A Idrisa anatulutsa foni yawo ya mabatani, yomanga ndi mphira, anaiyang'ana kumaso ndi kumsana, n'kuibwezera m'thumba. Anangoti tsikulo likayandikira awauze, kuti aitchajiretu.

Pa khonde limenelo ndamvapo malonjezo akuluakulu, ndipo kudzitama si mlandu. Ndinamaliza sikono n'kubwerera ku ofesi yathu ya polisi.

Lolemba lotsatira kunabwera mayi wina atavala jekete yachimuna, fumbi la msewu wa ku Matandani lili m'nsidze. Anati dzina lawo ndi Constance ndipo aberedwa. Nditafunsa kuti chabedwa n'chiyani, anayeza ndi manja kanthu kofanana ndi sopo wochapira. Kanali kamodemu, kabokosi kolumikizira kompyuta ku intaneti, kakale, kosweka pakona. Kanasowa Loweruka m'mawa, iwo ali ku tchalitchi. Chitseko sichinathyoledwe. Pa tebulo lomwelo panali laputopu, koma wakubayo anaisiya.

Ndinawauza kuti pa zaka zanga zonse za upolisi sindinaonepo mbala yosiya nkhuku n'kunyamula chitsononkho. Sanaseke.

Anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati munthu amene wakhala nthawi yaitali asanafotokozere wina kanthu. Anaphunzira za makompyuta ndipo ankagwira ntchito mu mzinda. Mayi awo atamwalira anabwerera kudzasamala bambo awo, a Gerishon, amene miyendo inawakana. M'kati mwa mafoni ndi makompyuta ambiri, anatero, muli pulogalamu yaikulu yotchedwa kenelo, imene imauza zida zonse zochita. Ilibe mwini mmodzi. Aliyense amene waona pong'ambika akhoza kusoka chigamba chake n'kuchitumiza pa imelo ku bwalo limene anthu zikwizikwi amawerenga. Gawo lililonse lili ndi woyang'anira wake. Iyeyo ndi anzake amachiwerenga mzere ndi mzere, amachibweza, amafunsa mafunso, amachibwezanso. Akakhutira amachipereka kwa wamkulu wawo, wamkuluyo kwa wamkulu wina, mpaka chilowe. Ndipo chikalowa, dzina la amene anachisoka limakhala pomwepo, silifufutikanso.

Pong'ambika pamene a Constance anapeza panali apa. Pafupi ndi nyumba yawo pali chigayo. Chikangoliza, magetsi amatsinzina, kamodemu kamazima n'kuyakanso, koma kompyuta imauma yonse ngati yaona mzukwa. Anthu a kunja amene analemba gawolo sanalionepo vutoli, chifukwa kwawo magetsi satsinzina. A Constance anakhala nalo madzinja awiri mpaka analigonjetsa. Anali atatsala pang'ono kutumiza. Popanda kamodemuko sakanatha kuyesa ntchito yawo, ndiponso sakanatha kuitumiza, pakuti kwawoko foni sigwira, kupatula kamodemu komweko ndi waya wake wokwera pa nsungwi.

Ndinafunsa ngati amalipidwa. Anati ayi. Koma dzina likalowa m'menemo, makampani a kunja amalemba munthu ntchito ali kwawo komweko. Likapanda kulowa, chaka chino chikatha ayenera kubwerera ku mzinda, bambo awo n'kutsala ndi anthu a ganyu.

"Ndani wina amene akudziwa za ntchitoyi?"

"Munthu amafuna wina woti awerenge zimene walemba, bwana. M'boma lonseli ndinapeza mmodzi yekha. Ndinawapatsa pa fulashi mwezi wathawu."

"Dzina?"

"A Lameki."

*

Ofesi ya a Lameki ili ndi masola padenga ndi mabatire odzaza ngodya yonse. Magetsi a m'menemo saphethira ngakhale Boma lonse litakhala mu mdima. Anandilandira ndi manja awiri, anandipatsa mpando wozungulira, ndipo ndisanafunse kanthu anayamba kundiuza za misonkhano imene anapitako ku Lilongwe.

A Constance amawadziwa, anatero, mayi woyesetsa ndithu, amawapatsako malangizo apo ndi apo. Za kamodemu anamva chisoni kwambiri. Loweruka iwo anali ku Chifunga, ku chinkhoswe cha mnzawo wa ku ntchito. Anandionetsa zithunzi pa foni: iwo atavala suti, iwo akuvina, iwo akuyankhula pa maiki pamene mwini chinkhoswe akuoneka kumbuyo, theka la nkhope. Ndinayang'ana mithunzi ya anthu m'zithunzimo. Yonse inali yaitali, ya dzuwa lopendeka. Ya m'mawa panalibe.

Ndinafunsa za dzina lija lokhala m'mafoni. Anaseka modzichepetsa, kuseka kumene munthu amayeserera pagalasi. Anati ndi ntchito yawo ya nthawi yaitali. Nditafunsa kuti imakonza chiyani, anati n'zakuya, zikhoza kundipweteketsa mutu.

"Mutu wanga unazolowera," ndinatero. "Nanga m'mawa wa Loweruka?"

Anati anali kunyumba, akusita suti.

*

Msewu wa ku Matandani umaphunzitsa munthu mafupa onse amene ali nawo. Ndinafika dzuwa lili pamutu, nditasiya a Constance pa Boma kuti agule mankhwala a bambo awo. Ndinkafuna kucheza ndi madalawo paokha.

Ndinayamba ndi a Mailesi, oyandikana nawo, amene ndinawapeza akusankha mbatatesi. Iwo Loweruka anali ku tchalitchi, sanaone kanthu, sadziwa kanthu, ndipo sakonda za eni. Atanena zimenezo anandiuza za nyumba imeneyo kuyambira tsiku limene inafoleredwa. Mwana uja ndi wabwino, eti, amaphika, amachapa, amawasambitsa bambo ake, koma pakamwa ndiye anasiya ku Blantyre. Tsiku lonse maso ali pa kompyuta. Madalawo amakhala pakhonde kuwerenga nkhuku za anthu. Ngakhale wailesi yawo inafa kalekale, mabatire. Koma n'zodabwitsa, Loweruka pochokera ku tchalitchi anaimva ikuimba nyimbo za kwaya, mokweza zedi.

Ndinafunsa ngati mwana wawo ndiye anagula mabatirewo. A Mailesi anati mwanayo mwina sanazindikire n'komwe kuti wailesi yadzuka.

A Gerishon ndinawapeza pa mpando wa ndalema, bulangeti pa mawondo, wailesi pambali. Ndinawapatsa moni, ndinakhala pansi pa khonde, tinakambirana za chisanu cha chaka chino ndi mtengo wa manachesi. Za Loweruka anati anali mtulo. Sanamve munthu, sanamve njinga.

Ndinayamikira wailesiyo, kuti ikumveka bwino. Ndinafunsa kuti mabatire otere amagula kuti, chifukwa a pa Boma sakhalitsa.

Anaizimitsa. Chigayo cha kuseri chinaliza n'kusiya.

"Mwana ameneyu musamuuze mokalipa," anatero. "Palibe anaba. Ndinapereka ndine."

A Lameki anabwera pa njinga yamoto anthu atapita kokapemphera. Aka sikanali koyamba. Akabwera amakhala pansi, amafunsa za kale, za nthawi imene madalawo ankayendetsa ngolo ya tirigu kutsika nayo phiri, ndipo amamvetsera mpaka nkhani ithe. Tsikulo anabweretsa mabatire. Kenaka anati kabokosi kaja kali ndi vuto, akufuna akakonze, chikhale chodabwitsa kwa a Constance. Madalawo anati anadziwa kuti si zoona. Anawalozera pamene kanali.

Ndinafunsa chifukwa chake.

"Mwana wangayu amayankhula ndi anthu amene sanawaonepo, a kutsidya kwa nyanja. Ine ndili pano, pakhomo pomwepa. Ndinati mwina kakachoka, atembenuka."

Ndinafunsa ngati anatembenuka. Anati ayi, anangokhala kuyang'ana pamene kanali.

Pobwerera ndinalibe mlandu woti n'kuzenga munthu. Chinthu chimene mwini nyumba wapereka ndi manja ake sichinabedwe, ngakhale wolandirayo ataname za suti. Koma funso linatsala. Munthu amene ali ndi intaneti yothamanga kuposa ya aliyense m'boma muno, kabokosi kosweka pakona akafuniranji?

*

Yankho linandipeza lokha pa khonde la golosale. A Idrisa anandiimitsa ndisanakhale. Anati ali ndi dandaulo, ndipo ndi la boma, osati la pa tiyi. Dzulo lonse a Ezekiele, a chigayo cha kuseri kwa golosale, ankaliza chigayo n'kuzimitsa, kuliza n'kuzimitsa, mpaka firiji yawo inayamba kulira ngati mbuzi. Ndipo pa chigayopo panalibe mayi ngakhale mmodzi, panalibe thumba.

A Ezekiele ndi munthu amene amawerengera mawu ngati akugula. Ndinawapeza akupukuta lamba. Ndinafunsa ngati dzulo anagaya.

"Ndinagaya."

"Chimanga cha yani?"

"Panalibe chimanga."

"Ndiye munagaya chiyani?"

"Mphepo."

Zotsalazo ndinachita kuzikoka ngati munga. A Lameki anawagulira mayunitsi a magetsi, n'kuwauza kuti akamva foni yalira kamodzi alize chigayo, ikaliranso azimitse. Sanafunse chifukwa. Anthu a mabungwe, anatero, amalipira zinthu zambiri zimene sizioneka.

Nditabwerera kwa a Idrisa ndinafunsa kumene a Lameki anali nthawi imeneyo. Anayankha monyinyirika, dandaulo lawo likuwatembenukira. A Lameki anali m'chipinda chawo cha kumbuyo, pakati pa matumba a shuga. Anapempha soketi, akuti ya ku ofesi kwawo yavuta. Anali ndi laputopu ndi kabokosi kena. Anatuluka madzulo osatsanzika, nkhope itagwa.

Ndinakumbukira ofesi ya a Lameki, imene magetsi ake saphethira. Pamenepo ndinamvetsa. Vuto la a Constance silikanaoneka m'menemo ngakhale munthu atadikira chaka. A Lameki anachita kugula kutsinzina kwa magetsi. Koma ankafuna kuonetsa ndani?

*

A Constance anali akadali pa Boma, akudikira njinga. Ndinawauza zonse, za bambo awo zomwe, mosakalipa. Sanalire. Anapempha foni yanga, yomwe ana anga anandigulira, imene ndimangoimbira ndi kuonera nthawi. Anatsegula bwalo lija. Ndi la poyera, aliyense akhoza kuwerenga. Anafufuza pang'ono, kenaka chala chinaima.

Chigamba chawo chinali pomwepo, chitatumizidwa masabata apitawo. Pamwamba panali dzina la a Lameki. Pansi panali mzere umene wotumiza aliyense amalemba, wotsimikiza pamaso pa bwalo kuti ntchitoyo ndi yake kapena ali ndi ufulu woipereka. Pamenepo panalinso dzina la a Lameki.

Anandimasulira mayankho a woyang'anira, munthu wa mawu ochepa kuposa a Ezekiele. Koyamba anati ganizo ndi labwino, koma aligawe tizigawo. A Lameki anagawa. Kachiwiri anati iye alibe chida choterocho, ndiye wolembayo ayese pa chida chenicheni magetsi akutsika, atumize zimene kompyuta yanena. Uthenga umenewo unali wa Lachisanu. Loweruka kamodemu kanachoka ku Matandani.

Wachitatu unali wa m'mawa wa Lolemba lomwelo. A Lameki anatumiza zotsatira za chigayo osazimvetsa, ndipo woyang'anirayo anaziwerenga bwino. Magetsi akatsika kamodzi, kompyuta imapirira. Akatsika kawiri motsatizana, imaumabe. Anafunsa chifukwa chake. Anawonjezera kuti sabata ino ikatha atseka khomo la zolowa ulendo uno, ndipo chopanda yankho achisiya.

"Anatenga chakale," anatero a Constance. "Zimenezo ndinazikonza atapita ndi fulashi."

Ndinati ndiye n'zosavuta, alembe okha pa bwalopo kuti munthuyu ndi wakuba. Anapukusa mutu. Anthu amenewo sadziwa Neno, sadziwa iwo, sadziwa a Lameki. Akaona anthu awiri achilendo akulimbirana chigamba, woyang'anira achitaya ndithu, chifukwa sangalandire chinthu chimene mwini wake sakudziwika. Ndipo akangotumiza chokonzedwacho mwakachetechete, chioneka ngati iwo ndiwo akuba cha a Lameki. Njira inali imodzi. Amene ananama pa bwalo abweze yekha pa bwalo lomwelo.

Ndinawakumbutsa kuti ndilibe lamulo lowakakamizira a Lameki. Anati akudziwa. Kenaka anafunsa ngati galimoto ya ofesi ikhoza kukatenga bambo awo mawa.

*

Tinakumana m'golosale ya a Idrisa masana a Lachiwiri. A Gerishon tinawakhazika pa mpando wa eni golosale, kuseri kwa kauntala, ndipo ankaoneka ngati agula malowo. A Ezekiele anaima pakhomo, ufa uli m'tsitsi. A Mailesi anabwera osaitanidwa, akuti anali ndi kogula. A Lameki anabwera chifukwa ndinawatumizira uthenga woti pali anthu akufuna kumva za ntchito yawo.

Ataona amene ali m'katimo, anaima pa chitseko. A Ezekiele sanasunthe kuti awapatse njira yobwerera, komanso sanawatsekereze. Anangokhala ali pomwepo.

Ndinanena zimene ndinapeza, mwachidule, ndipo ndinanena poyera kuti mlandu wa kupolisi palibe. A Lameki atamva zimenezo anapeza mphamvu. Anati cholinga chawo chinali kusungira a Constance malo pa mzere. Anati mayi wa kumudzi anthu a kunja sangamumvere msanga, pamafunika dzina lodziwika. Anati dzina la mayiwa akanaliwonjezera pamapeto. A Idrisa anafunsa mofatsa kuti dzina lodziwikalo ndi lodziwika kuti, popeza ngakhale ku Chifunga anachita kudzitchula okha pa maiki.

A Constance sanatsutse chilichonse. Anatembenuza laputopu yawo kuti iyang'ane a Lameki. Pa galasi panali funso la woyang'anira lija.

"Yankhani, achimwene. Mukayankha molondola, chitengeni. Sindidzanenanso kanthu."

A Lameki anawerenga funsolo. Analiwerenganso. Firiji inkalira pakona. Ndinawamvera chisoni pang'ono, chifukwa ndinaona kuti nawonso madzulo amadya okha, ndipo ankangofuna kuti kwinakwake munthu wina adziwe kuti alipo. Koma chisoni changa sichinali pa mndandanda wa zokambirana.

Amene anayankhula anali a Gerishon. Anati iwo anapereka chinthu cha mwana wawo chifukwa cha mabatire ndi khutu lomvetsera, ndipo manyazi awo awanyamula okha. "Koma inu munakhala pa khonde langa, munadya manachesi anga. Bwezani."

A Lameki anatsegula chikwama, anatulutsa kamodemu ndi chingwe chake, anakaika pa kauntala. Kenaka anakhala pa thumba la mpunga, laputopu yawo pa mawondo, n'kuyamba kulemba. A Constance sanawauze zoti alembe. Atamaliza, a Idrisa anati popeza tonse sitimva Chingerezi cha makompyuta, awerenge m'Chichewa, ataimirira. Anaimirira. Uthengawo unkati ntchito yonse ndi ya Constance wa ku Matandani, kuti iwo anaitumiza m'dzina lawo popanda chilolezo, kuti mzere wotsimikiza uja unali wabodza, ndipo akupempha bwalo lichotse zimene anatumiza. Mawu anawathera pa "wabodza," koma anafika kumapeto. A Constance anawerenga pa galasi kuti aone ngati Chingerezicho chikunena zomwezo. Anagwedeza mutu. A Lameki anadina, uthenga unapita kwa anthu zikwizikwi amene sadzawaona.

Kenaka a Constance analumikiza kamodemu kawo pa soketi ya m'golosale, ndipo anapempha a Ezekiele kuti akagaye mphepo kawiri motsatizana. A Ezekiele anati ulendo uno ndi waulere. A Idrisa anazula firiji pakhoma. Chigayo chinaliza, babu inafiira, kanyali ka kamodemu kanazima n'kuyaka. Chinalizanso. Kanazima, kanayaka, ndipo kompyuta inapitiriza ntchito ngati palibe chachitika. Anatumiza chigamba chatsopano pamodzi ndi umboniwo, dzina lawo pamwamba ndi pansi.

Palibe anachoka. A Idrisa anatenthetsa tiyi, ndipo anapatsako a Lameki, amene anamulandira osayang'ana munthu. Dzuwa litayamba kulowa pa zenera la kumbuyo, laputopu inalira kamodzi.

A Constance anawerenga, n'kuphimba pakamwa ndi dzanja. Bambo awo anafunsa kuti mzunguyo wati chiyani.

"Akuti zikomo, Constance. Akuti tsopano zikugwira. Koma mzere umodzi watalika, ndiufupikitse nditumizenso."

"Basi?"

"Basi, ababa."

Madalawo anati munthu ameneyo sanaleredwe bwino. Kenaka anapempha kuti awaonetse mzerewo. A Constance anakoka benchi, anakhala pambali pawo kuseri kwa kauntala, n'kuwalozera ndi chala. A Gerishon anauyang'ana nthawi yaitali, kuchokera uku mpaka uko.

"Watalikadi," anatero. "Fupikitsa. Tikudikira."